CALA CA YOHANE MBATIZI

Phunziro la mwezi uno: za kupemphera mwacete, Buku ndi cithunzi ziri pamaso pathu.

Powerenga: Yohane 19:17-37, Yesaya 53, Numeri 21:4-9, 2 Mafumu 18:1-4.

Ambiri a ife tiwerenga Mau a Mulungu monga wapaulendo amwera madzi pamtsinje, ali ciriri, katundu ali pamutu. Titha mutu wathunthu m'mamawa, titseka Buku, ndipo pofika kumunda kapena kunchito sitikumbukanso ndime ndi imodzi yomwe. Mapemphero athunso acuruka mau. Tiuza Mulungu za matenda, za mvula, za ana, ndipo tikanena Amen tinyamuka pomwepo, monga mlendo wopanda mwambo amene afotokozera mfumu zace zonse, nacoka mfumuyo isanatsegule pakamwa. Koma kuyambira kale lomwe Akristu anadziwa pemphero lina, ndilo kukhala cete pamaso pa Ambuye ndi kulingirira mau owerengeka nthawi yaitali, monga anacitira Mariya pa Luka 2:19.

Munthu wina dzina lace Guigo, mkuru wa abale a ku Grande Chartreuse m'mapiri a ku France, zaka za m'ma 1100, analembera mnzace kalata ya pemphero limeneli. Anati liri ndi makwerero anai: kuwerenga, kulingirira, kupempha, ndi kupumula mwa Mulungu. Anawafanizira ndi kudya, kuti kuwerenga kuika cakudya m'kamwa, kulingirira kucitafuna, kupempha kutulutsa kukoma kwace, ndipo lacinai ndilo kukomako kutafika mumtima. Ife odziwa mzimbe timva msanga, pakuti palibe munthu ameza mzimbe wosatafuna. Koma bvuto ndi ili, kuti mtima wathu ufanana ndi mbuzi yodula cingwe. Tikatsinzina kuti tilingirire za mtanda, taonani, tiri kale kumsika, kapena tiwerenga ngongole zathu. Cifukwa cace Akristu ena anayesa kuupatsa mtima cikhomo, naika cithunzi pambali pa Buku, kuti maso akhale ndi pokhazikika. M'phunziro lino titenga cithunzi cimodzi cokha, tione cimene cingatithandize naco, ndi pamene tiyenera kucenjera.

Nyumba ya odwala ku Isenheim

Isenheim ndi mudzi wa m'dziko la Alsace, pafupi ndi mzinda wa Colmar, kum'mawa kwa France. Kumeneko kunali nyumba ya abale ochedwa ndi dzina la Anthony Woyera wa ku Aigupto, ndipo nchito yao yaikuru inali kusamala odwala nthenda yoopsa imene anthu anaicha moto wa Anthony Woyera. Wogwidwa nayo analikumva kutentha m'manja ndi m'miyendo ngati makala; zala zinalikuda ndi kuuma, nthawi zina kufikira kuduka; ena anagwa ndi kuphupha, ena naona zoopsa zimene palibe. Gwero lace linali m'cakudya. Osauka a maiko ao analikudya mkate wa mbeu yochedwa rye, yonga tirigu, ndipo zaka za cinyezi ngala zace zinagwidwa ndi cuku cakuda cokhala ndi ululu. Koma masiku amenewo anthu sanacidziwe ici; sing'anga wa ku France, Denis Dodart, analemba za ico m'caka ca 1676, zitapita zaka zambiri.

Abale aja anapatsa odwala mkate wabwino, ndi vinyo wosanganiza ndi zitsamba, ndi mafuta odzola pazironda. Ndipo pamene ciwalo cinaola anacidula. Ambiri anapeza bwino, makamaka popeza analeka kudya mkate wa ululu uja. Ici ticichula dala, kuti wina angayese kuti abalewo anaonetsa odwala cithunzi m'malo mwa cakudya ndi mankhwala. Iai, zonsezi zinayendera pamodzi, ndipo amene apereka cithunzi kapena ndime kwa wanjala, namtumiza cimanjamanja, awerenge Yakobo 2:15-16.

Mkuru wa nyumbayo, Guy Guers, anaitana mmisiri kuti alembe zithunzi za pa guwa la m'kacisi mwao, ndipo nchitoyo inacitika kuyambira 1512 kufikira 1516. Mmisiriyo timdziwa lero ndi dzina la Matthias Grünewald, cinkana dzina lace leni leni linali Mathis Gothart Nithart. Dzina linalo anampatsa ndi wolemba mabuku wina, iye atamwalira kale m'caka ca 1528. Zithunzizo anazilemba pa matabwa okhala ngati zitseko, zotsekuka kawiri. Masiku a madyerero zitseko zinatsekulidwa. Koma masiku wamba, ndiwo ocuruka m'caka, zinakhala zotseka, ndipo odwala pakudza kudzapemphera anaona Yesu wopacikidwa. Msinkhu wace wa cithunzi ca pakatico ndiwo masentimita 269, ndi kupingasa kwace 307. Lero cipezeka m'mabuku ambiri ndi pa intaneti, kotero kuti amene ali ndi foni akhoza kuciona polemba dzina la Isenheim.

Tipenye pang'ono pang'ono

Tiyambe taŵerenga Yohane 19, ndipo pamenepo tikweze maso. Coyamba kutigwira ndico mdima. Kumbuyo kwa mtanda kulibe mzinda, kulibe khamu, kulibe asilikari ogawana zobvala. Kuli kuda kokha, konga kumene anena Marko 15:33. Mtandawo ndi wa mitengo yosapala bwino, ndipo mtengo wopingasa wapindika ndi kulemera kwa thupi. Manja akokedwa kufikira mapewa aguluka, ndi zala zatambasuka kuloza kumwamba, zouma gwa. Mutu wagwera pacifuwa pansi pa cisoti cacikuru ca minga, pakamwa pali yasa, milomo yacita mbuu. Mapazi apotoka pa msomali umodzi. Nsaru ya m'cuuno ndi sanza zong'ambika. Ndipo thupi lonse, kuyambira kukhosi kufikira kumapazi, ladzala ndi zironda zazing'ono, zina zikali ndi tizitsotso tolowa m'mnofu, khungu lonse lobiriwira ngati la munthu wodwala nthawi yaitali.

Apa tiime, tisafulumire. Mauthenga sanena kuti Ambuye anadwala moto wa Anthony Woyera. Anena kuti anakwapulidwa. Koma mmisiri analemba mikwingwirimayo kotero kuti munthu wogona m'nyumba ija, poyang'ana thupi lace nayang'ananso pamtanda, anazindikira khungu lace lomwe. Tiyese kulingalira munthu wotere. Abale ace amuopa. Pfungo la cironda cace limcititsa manyazi. Usiku sagona, ndipo m'mtima mwace mubuka funso lija limene libuka mwa odwala onse a mibadwo yonse, lakuti kodi Mulungu adziwa cimene ndirikumva, kapena wanditaya? Mlaliki akhoza kumyankha ndi mau oona, koma wodwala kwambiri sagwira mau ambiri. Makutu ace atopa. Tsono amnyamula, namkhazika pamaso pa guwa, ndipo yankho liri pomwepo, losasowa womasulira. Pamenepo ndipo Yesaya 53:4-5 amveka, pamene mneneri anena za Mtumiki wosenza nthenda ndi zisoni za anthu ena. Ndime imene Mateyu 8:17 aikumbuka ponena za Yesu wociritsa odwala. Pamenepo amvekanso Ahebri 4:15, kuti Mkuru wa ansembe wathu sali mlendo ku zofoka zathu.

Ife tiyesa kuti ici ndico cimene zithunzi zambiri za m'makalendala ndi m'mabuku a ana zisowa. Ziika pamtanda munthu wosalala, tsitsi lopesa, ngati wangotsamira. Zoterozo siziopsa munthu, koma sizitonthozanso munthu, pakuti wodwala khansa kapena wogona caka cathunthu pamphasa sapezapo mbale wace.

Tsopano titsitse maso kudzanja lathu lamanzere. Mariya amace wa Yesu abvala zoyera, nkhope yace yayera ngati nsaruyo, maso atseka, alikugwa cagada. Ndipo wophunzira Yohane, wobvala zofiira, amgwira ndi dzanja kuti angagwe pansi. Umo ndimo mmisiri anamvera Yohane 19:26-27, pamene Ambuye apereka amace kwa wophunzirayo: mau angoturuka, ndipo mwana watsopanoyo wayamba kale nchito yace. Patsinde pa mtanda pagwada Mariya wa Magadala, wamng'ono koposa onse, zala zace zopiringizana, nsupa ya mafuta iri pambali pace. Awa ndi anthu atatu a cisoni cimodzi, koma yense alira mwa njira yace. Nkwabwino kudzifunsa mwakacetecete kuti mwa atatuwa ife lero tifanana ndi uti. Pakuti pali masiku a kugwa, pali masiku a kugwira mnzathu wakugwa, palinso masiku amene tingogwada osadziwa conena.

Munthu amene sanaliko

Kudzanja lamanja kwaima munthu mmodzi yekha, ciriri, wosalira. Ndiye Yohane Mbatizi. Wowerenga Buku adzadabwa, pakuti Marko 6 atiuza kuti Herode anamdula mutu m'ndende Ambuye asanapacikidwe. Pa Golgota sanaliko konse. Kodi mmisiri sanadziwe? Anadziwa ndithu. Pomuika pamenepo atiuza kuti cithunzi cace sicionetsa cabe zimene diso likadaona tsiku lija, koma cilalikira. Kumapazi a Yohane kuli mwana wa nkhosa wogwira mtanda waung'ono, mwazi wace ulikutsikira m'cikho, kutikumbutsa dzina limene Yohane anacha Yesu pa Yohane 1:29. Pafupi ndi dzanja lace palembedwa m'Cilatini mau a pa Yohane 3:30, onena za kukula kwa Kristu ndi kucepa kwa Yohane mwini. Ndipo mmisiri anamvera mauwo ngakhale m'miyeso: thupi la Yesu liposa onse oimapo, kotero kuti akadatsika pamtanda onse akadaoneka ngati ana.

Koma penyetsetsani manja a Yohane. M'dzanja lamanzere agwira buku lotsegula. Dzanja lamanja latambasuka, ndi cala cace ca mkombaphala, cacitali copitirira muyeso, ciloza Wopacikidwayo. Diso likafika pa Yohane silikhalitsa, calaco cilibweza. Tikati tiyang'ane nkhope yace, kapena maonekedwe a cobvala cace, posacedwa tipeza kuti tabwereranso pamtanda. Karl Barth, mphunzitsi wa za Mulungu wa ku Switzerland, amene anabadwa 1886 namwalira ku Basel 1968, anali wa mpingo umene makolo ace anacotsa zithunzi m'makacisi. Komabe anapacika cifanizo ca cithunzi ici pamwamba pa gome lace lolembera zaka zambiri, nabwereza kawiri kawiri kunena za dzanja lolozalo, kuti nchito ya mlaliki ndi ya mphunzitsi ndi yomweyo.

Pamenepa pagona phunziro lathu lonse la zithunzi m'pemphero. Cithunzi cabwino cicita monga Yohane: dzanja limodzi pa Buku, dzanja lina kuloza Kristu. Munthu akalozera mnzace njira ya kumudzi, wanzeru ayang'ana njirayo namuka. Ndi mwana wakhanda yekha amene agwira calaco nayamba kuciyamwa.

Nanga lamulo laciwiri?

Tidziwa kuti ena a owerenga athu afika pano mtima uli m'mwamba, pokumbuka Eksodo 20:4-5. Sitiwanyoza ai; mantha ao ali ndi maziko, ndipo mlandu umenewu unasautsa Eklesia zaka mazana ambiri. M'zaka za 599 ndi 600 Gregory, bishopu wa ku Roma, analembera Serenus wa ku Marseille, amene anaphwanya zithunzi poona anthu alikuzigwadira. Anamtama cifukwa ca kuletsa kupembedza copangidwa ndi manja, koma anamdzudzula cifukwa ca kuphwanyako, popeza osadziwa kuwerenga aphunzira m'zithunzi zimene ena aphunzira m'mabuku. Msonkhano wa ku Nicaea wa 787 unalola zithunzi, nusiyanitsa ulemu wopatsidwa kwa izo ndi kupembedza koyenera Mulungu yekha. Nthawi ya kukonzanso Eklesia mlandu unabukanso, cithunzi ca Isenheim cikali catsopano. Luther anabwera ku Wittenberg m'caka ca 1522 nalalikira motsutsa amene anazigwetsa mwaciwawa. Ku Zürich, kumene kunali Zwingli, akuru a mzinda anazicotsa m'makacisi m'caka ca 1524. Ndipo Katekisma wa Heidelberg wa 1563, pa funso 98, akana kuti zithunzi zikhale mabuku a anthu m'kacisi, popeza Mulungu afuna anthu ace aphunzitsidwe ndi kulalikira kwa Mau. Kufikira lero mipingo siinagwirizane pa ici, ndipo ife sitifuna kuuza mpingo uli wonse makonzedwe a nyumba yace. Tinena za Mkristu wokhala yekha ndi Buku lace.

Kwa iye Malembo omwe apereka muyeso, m'nkhani ya njoka yamkuwa. Pa Numeri 21 anthu alumidwa ndi njoka m'cipululu, ndipo Mulungu mwini alamulira Mose kupanga cifanizo ndi kucipacika pamtengo, kuti wolumidwa akacipenya akhale ndi moyo. Taonani odwala oyang'ana cinthu cosula ndi manja, ndipo sicinali chimo. Ambuye Yesu anachula njokayo pa Yohane 3:14 ponena za kukwezedwa kwace, m'mutu womwewo muli mau olembedwa pambali pa Mbatizi. Koma nkhani siithera pomwepo. Pa 2 Mafumu 18:4 tipeza kuti ana a Israyeli anaisunga njokayo mibadwo yambiri, nayamba kuifukizira zonunkhira; ndipo mfumu Hezekiya anaiphwanya, nayesedwa wocita zoongoka pamaso pa Yehova. Mkuwa unali womwewo masiku a Mose ndi masiku a Hezekiya. Cinasanduka ndi mtima wa openyawo, amene poyamba anapenya namvera lonjezo la Mulungu, koma pambuyo pace anaika cikhulupiriro cao pa mkuwawo.

Cotero munthu adziyese yekha. Ngati ayesa kuti cithunzi ciri ndi mphamvu mwa ico cokha, naciika pakhomo kapena pansi pa mtsamiro kuti cimchinjirize, casanduka cithumwa, cinkana pali nkhope ya Yesu. Ngati sakhoza kupemphera pamene palibe cithunzico, cala caphimba njira. Ngati atha nthawi yace kutama luso la mmisiri, wacita bwino monga wophunzira za utoto, koma sanapemphere. Ndipo mbale amene cikumbu mtima cace cimletsa, aleke ndithu, osadziyesa wotsala. Paulo pa Agalatiya 3:1 akumbutsa anthu kuti Kristu wopacikidwa anaonetsedwa pamaso pao, ndipo anatero ndi kulalikira kokha. Tikumbukenso kuti palibe mmisiri anaona nkhope ya Ambuye. Yesu anali Myuda wa ku Galileya. Grünewald anamlemba monga anthu a kwao, ndi amisiri a maiko ena amlemba monga anthu a kwao. Palibe mwa izi cimene tinganene kuti ndiye Iyeyu.

Macitidwe ace

Amene afuna kuyesa apatule mphindi 15 kapena 20, pa malo opanda phokoso. Ngati cithunzi ciri m'foni, atseke zina zonse zimene zingamuitane. Ayambe ndi Buku nthawi zonse, ndime zowerengeka, kawiri kapena katatu, momveka. Pamenepo apenye cithunzi conse, osafulumira kunena tanthauzo lace, kufikira diso litaima pa cinthu cimodzi, kapena zala zija, kapena dzanja la wophunzira logwira Mariya. Akhale pomwepo, nafunse kuti ndi mau ati a m'ndime anawerenga amene akomana ndi cimeneco. Cikabuka kanthu mumtima, kaya kulapa, kaya dzina la wodwala, kaya dandaulo limene analibisa, acinene kwa Ambuye ndi mau ocepa. Atatero atseke maso, acotse cithunzi, akhale du. Mtima ukathawa, aubweze ndi liu limodzi la m'ndimeyo, wosadzikalipira. Masiku ena sadzamva kanthu, ndipo palibe colakwa. Guigo yemwe anaphunzitsa kuti khwerero lacinai liri mphatso imene Mulungu apatsa pa nthawi yace.

Cenjezo limodzi tiwonjeze pa cithunzi ca mtanda. Nkwapafupi kucoka pamenepo tiri ndi cifundo cokha, monga ticitira cifundo munthu wogundidwa ndi galimoto. Koma pa Luka 23:28 Ambuye anatembenuza misozi ya akazi a ku Yerusalemu kuti adzilirire okha ndi ana ao. Cifukwa cace Mbatizi salira pacithunzipo. Iye aloza Mwana wa nkhosa wocotsa chimo, ndipo amene atsata calaco afika pa kubvomereza kuti zirondazo ziri cifukwa ca ife. Ndiponso oyendera odwala acite mwanzeru: pali wodwala amene cithunzi ici cidzamlimbitsa, pali wina amene cidzamuopsa, ndipo ana aang'ono sitiwaonetsa.

Pamene zitseko zitsekuka

Masiku a madyerero akuru abale anatsekula zitseko, ndipo cithunzi ca mtanda cinagawika pakati, pakaoneka zina za kuwala kwambiri. Panali mngelo alikudza kwa Mariya. Panali Mariya atafukata Mwana, ndipo amene apenyetsa aona kuti nsaru yokulunga khandalo ndi sanza zong'ambika, zonga za m'cuuno mwa Wopacikidwa. Ndipo kudzanja lamanja kunali kuuka kwa akufa. Pamenepo Ambuye akwera kuturuka m'manda usiku wa nyenyezi, asilikari atagwa uku ndi uko. Kuunika kwakukuru kozungulira ngati dzuwa kwamzinga, kotero kuti nkhope yace iri pafupi kusungunuka m'kuwalako. Nsaru ya m'manda imtsata, yoyera pansi, nisanduka yofiira ndi yacikasu pofika pamapewa. Khungu lija la zironda layera, losalala lonse. Koma manja awakweza kuti tione m'zikhato, ndipo mabala a misomali alipobe, ofiira ndi owala. Munthu wodulidwa mwendo m'nyumba ija anapenya thupi lomwelo limene analipenya masabata ambiri liri lobvunda, naliona tsopano litaciritsidwa, zipsera zace zosabisika.

Nthawi ya cipolowe cacikuru ca ku France, zaka za m'ma 1790, zithunzizo zinacotsedwa ku Isenheim ndi kutengedwa ku Colmar, kumene ziri tsopano m'nyumba yosungiramo zakale ya Unterlinden. Ndipo kuyambira 2018 kufikira 2022 amisiri anazitsuka ndi kuzikonza. Kumeneko matabwa anaimikidwa padera padera, kotero kuti mlendo aona mtanda, nayenda mapazi owerengeka, naona kuuka, zonse m'ora limodzi. Odwala a ku Isenheim sanatero. Iwo analindira tsiku la kutsekula. Ife tipempha owerenga athu atsate odwalawo mwezi uno: masabata atatu akhale ndi cithunzi ca mtanda, sabata loyamba ndi Yohane 19, laciwiri ndi Yesaya 53, lacitatu ndi Salmo 22, ndipo pa sabata lacinai atsegule Yohane 20:19-29, pamene Ambuye aonetsa Tomasi manja ace, napenye cithunzi ca kuuka.